Ndinagawa Ndekha Katundu wa Lameki

Anandilanda sukulu, pambuyo pake anandilanda mphamvu za phapo lakumanzele. Amene anachita izi si akuba. Ndi anthu a m'banja mwathu, ndipo mpaka lelo amanena kuti ankanditeteza. Ndikulemba kuti wina amene akukhosomola pakali pano anyamuke apite kuchipatala, asadikile m'bale aliyense.

Dzina langa ndine Akimu, kwathu ndi ku Kalindawalo. Chifuwa chinandiyamba kumapeto kwa Meyi, tikumaliza kukumba nshawa. Chinali chouma, chosapweteka, chongokanda pakhosi m'mawa ndi madzulo. Ndinati ndi fumbi la m'munda. Ndinatafuna tsabola, ndinamwa madzi a mandimu otentha, ndinapitiliza ntchito. Patapita milungu ingapo ndinaona kuti ndikanyamula thumba kuchoka pangolo kufika pankhokwe ndikupuma ngati ndathamangitsidwa ndi galu. Sindinauze munthu. Pakhomo pathu tinali titangoika malilo, ndipo sindinafune kuti amai amvenso mawu akuti chifuwa.

Malilowo anali a mkulu wanga Lameki. Iye ankagwila ntchito yaulonda ku Lusaka, ndipo ndi amene ankandilipilila kanyumba ka lendi ku boma ku Petauke kuti ndiziphunzila pafupi ndi sukulu. Atate anamwalila ndili mwana. Mvula itayamba chaka chinacho, Lameki anatsika basi ali woonda, khosi lili ngati la nkhuku yososoledwa nthenga, akukhosomola mpaka kugwila khoma. Anati anzake a kuntchito amulodza chifukwa abwana ankamukonda. Amai anakhulupilila. Amalume aNjovu, mlongo wawo wa amai amene amakhala ku Nyalugwe m'boma la Nyimba, anakhulupililanso pafoni, ndipo analamula kuti asapite kuchipatala chifukwa jekeseni imamaliza munthu wolodzedwa.

Nyumba yathu ili ndi zipinda ziwili, cha amai ndi cha ife anyamata. Lameki anagona pamatilesi, ine pamphasa pambali pake. Anati mphepo yolowela pawindo ikumubaya, komanso kuti omulodzawo amaponyela zinthu zawo pomwepo. Ndinauzidwa kukhomela lata pawindopo, ndipo ndinakhomela ndi manja angawa. Kuyambila pamenepo m'chipindamo munali mdima ngakhale masana, ndi fungo limene sindifuna kulifotokoza. Ndinkamusambitsa, kumutembenuza, kutaya chitini chimene ankalavulilamo. Januwale itakwana anzanga analowa giledi 11. Ine ndinatsala. Wolipila lendi anali chigonele, munda unalibe wolima, wodwala analibe womunyamula. Palibe amene anandifunsa ngati ndikufuna kusiya sukulu. Anangoti, "Akimu alipo."

Lameki anamwalila mu Malichi osapimidwa ndi dokotala aliyense. Kwathu munthu akamwalila, katundu wake sagwilidwa mpaka akulu a banja atakhala pansi n'kugawa, ndipo wotsogolela ndi malume. Anthu ambili amagawa malilo akangotha. Amalume athu anati nthawi ndi yamvula, abale ena sanafike, mowa wa mwambowo sunaphikidwe, choncho tidikile mpaka tikolole. Anasonkhanitsa zonse za Lameki, sutikesi, matumba a zovala, matilesi, makatoni amene anabwela nawo kuchoka ku Lusaka, n'kumanga ndi chingwe cha ng'ombe pakati pa chipinda. Anati asapezeke womasula, ngakhale wochotsa lata pawindo, chifukwa chilichonse m'menemo chikhale mmene mwini wake anachisiyila. Anakwela basi kubwelela kwawo. Ine ndinapitiliza kugona pakakona kotsala, miyendo yopinda, mutu utagunda katoni.

Juni wa chaka chimenecho anazizila kwambili, kapena ndine amene ndinkamva choncho. Madzulo thupi linkatentha, usiku ndinkatuluka thukuta mpaka mphasa kunyowa, m'mawa n'kumanjenjemela. Ndinalibe chovala chamanja aatali. Pamwamba pa mulu uja panali jekete lakuda la kuntchito kwa Lameki, losamangidwa bwino. Ndinalisolola n'kuvala. Ndikunena apa momveka, chifukwa anthu akhala akupotoza: chifuwa chinayamba jekete ndisanalikhudze. Ndinalivala chifukwa ndinali nditadwala kale.

Amai anandiona nalo ndikuchoka kuchitsime. Anaponya ndowa pansi.

"Akimu, wavala chiyani? Vula! Vula msanga, ufuna kundipha?"

"Amama, kukuzizila."

"Ndiye chifuwa chako n'chimenechi. Wakwiyitsa mkulu wako."

Madzulo omwewo anaimbila amalume. Ine ndinali pomwepo, ndinamva zonse chifukwa foni ya amai imalankhula mokweza. Amalume anati nkhani yadziwika, mnyamatayo waba za wakufa, ndipo mwini wake wamugwila pachifuwa. Anati chipatala sichingaone kanthu, tingotaya nthawi. Mankhwala ake n'kugawa katundu, ndipo adzabwela akangogulitsa thonje.

Thonje linagulitsidwa mu Julayi, iwo sanabwele. Anati njinga yathyoka, kenako anati kuli malilo ena, kenako anati mseu wa ku Nyalugwe ndi wautali, tiwatumizile ndalama yokwelela. Panthawiyi amai ankandiphikila mizu imene anapatsidwa ndi munthu wina wa m'mudzi wapafupi. Inali yowawa, ndipo ndikamwa ndinkasanza chilichonse chimene ndadya. Ndinafukizidwa masamba nditafunda bulangete mpaka kutsala pang'ono kukomoka. Lamba ndinaboola mabowo atsopano ndi msomali. Chakudya sichinkalowa. Makhololo anasintha, anayamba kutuluka achikasu, olemela, ndipo kumanzele kwa chifuwa kunkabaya ndikapuma kwambili.

Wina angafunse kuti munthu wofika giledi 10 bwanji sunapite wekha kuchipatala. Yankho ndi lakuti ukamadwala, ndipo aliyense amene umamudalila akukuuza chinthu chimodzi m'mawa ndi madzulo, mutu umatopa. Ndinaona Lameki akufa ndi chifuwa chomwechi. Ndinkagona pafupi ndi zovala zake. Masiku ena ndinkakhulupilila kuti ndi iye.

Mu Ogasiti ndinamanga thumba la nshawa panjinga kuti ndikagulitse ku boma. Njila imene ndinkayenda osatsika, tsiku limenelo ndinakankha njinga pamtunda uliwonse. Nditafika pafupi ndi msika chifuwa chinandigwila, ndinatsamila mtengo, ndipo chimene chinatuluka m'kamwa anali magazi, ofiila, ambili. Ndinakhala pansi, njinga inagwela uko. Mai wina wogulitsa tomato, amene sindinkamudziwa, anasiya malonda ake n'kubwela. Ndinayamba kumufotokozela za jekete ndi amalume. Anandidula.

"Iwe, amalume ako ndi adokotala? Nyamuka. Anyamata, gwilani uyu, asafele pa tomato wanga."

Anandikweza panjinga yamoto, iye anasunga njinga yanga ndi nshawa. Munthu wachilendo anachita m'mphindi zochepa zimene banja langa linalephela nyengo yonse yachisanu.

Kuchipatala anandipatsa kansalu kotseka pakamwa ndi mphuno, n'kundikhazika pabenchi lapanja pamodzi ndi ena okhosomola. Anandikweza pasikelo. Anesi anayang'ana sikelo, anayang'ana ine, anafunsa zaka zanga kawili. Anandipatsa kabotolo kuti ndikalavulilemo makhololo kuseli kwa nyumba, anatenga magazi pachala, ndipo anandijambula pachifuwa. Anandigoneka tsiku lomwelo chifukwa cha magazi aja. Zotsatila zitabwela adokotala anaima pafupi ndi bedi n'kunena kuti ndi TB, chifuwa chachikulu. Kachilombo ka HIV sanakapeze. Anandionetsa chithunzi, n'kuloza ndi cholembela malo oyela kumtunda kwa phapo lakumanzele. Anati pamenepo padyeka, ndipo ngakhale ndichile, chipsela chidzatsala.

Anafunsa ngati pakhomo panali wina wokhosomola. Ndinawauza za Lameki, za lata pawindo, za mulu wa katundu, za jekete. Anamvetsela osaseka.

"Jekete silipatsa munthu TB," anatelo. "Matendawa amayenda mumpweya. Unagona miyezi ndi wodwala m'chipinda chotseka, ukupuma zimene iye akukhosomola. Mkulu wako sindinamupime, sindinganene motsimikiza, koma mmene ukufotokozelamu n'kutheka kuti nayenso akanachila."

Mawu otsilizawo anandipweteka kuposa chifuwa. Ndinatembenukila kukhoma. Sindinalile, ndinangokwiya, ndipo mkwiyowo unakhala nane miyezi yambili.

M'wodi moyo ndi wodikila. M'mawa kwambili anesi amabwela ndi mapilitsi, akuluakulu, omwa usanadye kanthu, ndipo amaima pomwepo mpaka umeze. Kenako udikila phala. Kenako udikila adokotala. Mawindo onse amakhala otsegula usana ndi usiku, ngakhale wina adandaule kuzizila. Tsiku loyamba mkodzo unatuluka wofiilila, ndinaganiza kuti magazi ayambanso njila ina, koma anesi anati ndi mankhwala, zimatelo kwa aliyense. Anali mai wochokela kumpoto, Chinyanja chake chosakaniza ndi Chibemba, wosanyengelela munthu. Anandiuza kuti mankhwalawa ndi a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ndikadzangomva bwino n'kusiya pakati, matenda adzabwelela olimba kuposa poyamba. Bambo wina pabedi loyandikana ndi langa anali atachita zomwezo. Ankapuma ndi paipi m'mphuno. M'mawa wina ndinadzuka bedi lake layalulidwa.

Amai anabwela kudzandiona atanyamula mbatata ndi kabotolo ka mizu ija atakabisa m'chitenje. Anesi anakaona, anakatenga, n'kuwauza mwaulemu kuti nawonso ayenela kupimidwa popeza tikukhala nyumba imodzi. Amai anavomela ndi mutu, anatuluka, osapita kukapimitsa. Amalume sanabwele, sanaimbenso foni.

Nditatulutsidwa anandilembela kuti ndizikatengela mankhwala kukiliniki yakufupi ndi kwathu. Ndinakana kulowanso m'chipinda chija. Ndinayala mphasa m'khichini yapanja, yopanda chitseko, ndinagona m'menemo ndi nkhuku. Masabata oyamba anali ovuta. Mawondo ankaphwanya, mapazi ankayaka, m'mimba munkachita nselu. Pambuyo pake njala inabwela, njala yeniyeni, yoti ndikadya ndikufunanso. Pa tsiku langa la kukiliniki ndinkanyamuka m'mawa, kukhala pabenchi, kudikila dzina, kukwela pasikelo, kulandila mapilitsi, kubwelela. Sikelo inayamba kukwela pang'onopang'ono. Pofika Okutobala thukuta lausiku linali litatha. Anapimanso makhololo n'kunena kuti mankhwala akugwila ntchito.

Thupi linkachila koma mtima unkaipilaipila. Ndinkaona anzanga a kusukulu akudutsa pamseu atavala yunifomu, ndinkalowa m'chimanga chouma kuti asandione. Ndinkakwiyila amai. Ndinkakwiyila amalume. Koposa onse ndinkakwiyila Lameki, munthu wamkulu amene anakhala ku Lusaka, zipatala zili ponseponse, n'kusankha kubwela kudzandikhosomolela kumaso. Ndikadutsa pakhomo la chipinda chake ndinkalavula. M'mudzi anthu anali kunenabe kuti ndine mnyamata uja anaba jekete la wakufa, ndipo ana ankathawa ndikafika pachitsime.

Kumayambililo kwa Disembala, tikupalila chimanga, ndinamva amai akukhosomola kumapeto kwa mzele. Chifuwa chimenecho ndimachidziwa ngati mawu a m'bale. Ndinayamba kuwayang'anitsitsa. Chitenje ankachimanga mobweleza, chakudya ankasiya, m'mawa ankayanika zofunda zonyowa kuseli kwa nyumba kuti ndisaone. Ndinawauza kuti tipite kukiliniki. Anakana. Ndinawauza mawa lake, anakananso. Ndinakalipa, ndinatukwana, ndinawakumbutsa kuti mwana mmodzi anamuika kale m'manda chifukwa cha nkhani zomwezi. Analila, koma sanasinthe.

"Mzimu wa mwana wanga sunagone," anatelo. "Katundu wake ali pachingwe ngati mbuzi. Anayamba ndi iwe, manje wabwela kwa ine. Ndipite kuchipatala kukatani? Agawe katundu, ndiye ndidzapita kulikonse ufuna."

"Mukulonjeza?"

"Ndanena."

Anesi a kukiliniki nditawafotokozela anati sangamange munthu wamkulu n'kumubweletsa, koma ndisachedwe, chifukwa pa msinkhu wa amai matendawa sadikila. Anatinso n'kutheka kuti anatengela kwa Lameki, n'kuthekanso kuti anatengela kwa ine miyezi ija ndinkamwa mizu. Ndinabwelela kunyumba ndili ndi ukali.

Khisimasi itapita ndinaimbila amalume.

"Amalume, amama akudwala. Bwelani mudzagawe katundu chaka chisanathe."

"Mvula yachuluka, mphwanga. Mitsinje yadzala. Tidikile ikadule."

"Mukapanda kubwela ndigawa ndekha."

"Iwe? Mwana wa mailo, wobadwa dzulodzuloli? Unaonapo kuti mng'ono akugawa za mkulu wake? Chifuwa chimodzi sichinakukwanile?"

"Chinandikwanila. N'chifukwa chake sindidikilanso."

Anayamba kutchula mayina a makolo. Ndinadula foni.

Tsiku lotsiliza la chaka kwathu anthu amasesa pabwalo, kuzila pansi, kutentha zinyalala, kuchapa zovala zoti avale pa Nyuwele. Ine m'mawa nditamwa mapilitsi ndinatenga chikwanje, ndinalowa m'chipinda cha Lameki, ndinadula chingwe chija. Mbewa zinabalalika. Ndinatulutsa chilichonse n'kuyala pamphasa pakati pa bwalo, dzuwa likuwala, kuti aliyense aone chuma chimene chinatsala pang'ono kundipha.

Matilesi anali ataola pansi chifukwa denga linkadontha. M'makatoni munali manyuzipepala akale, mabotolo opanda kanthu, mafoni akufa, tochi yopanda galasi, wailesi yopanda chotsekela kumbuyo. Theka la zovala chiswe ndi mbewa zinali zitagawana kale osadikila amalume. Zotsala zabwino zinali mabuluku awili, malaya ochepa, bulangete limodzi, mapoto, nsapato zaulonda ndi jekete lija. Ndinaima n'kumayang'ana. Ndinkafuna kuseka koma chifuwa sichinalole. Pafupifupi chaka chathunthu tikuopa zinyalala.

Ndinazungulila nyumba za abale ndi anansi kuwaitana. Anabwela ambili, koma anaima patali, manja kumbuyo. ASakala, bambo wachikulile woyandikana nafe amenenso ndi mkulu wa mpingo, anakhala pampando n'kunena kuti iwo angobwela kudzaona, asawatchule. Amai anali pakhomo atagwila khoma.

"Akimu, suli malume iwe."

"Ndikudziwa, amama. Amalume ali ku Nyalugwe. Chifuwa chili pano."

Ndinanyamula buluku n'kufunsa wolifuna. Palibe anabwela kudzalitenga. Ndinafunsanso. Kenako msuweni wathu Yobe, amene anali atayamba kale Nyuwele yake kumowa, anatuluka m'gulu akudzandila, buluku lake long'ambika pamatako.

"Bweletsa kuno. Lameki akalifuna adzandipeza kukachasu, akudziwa pomwe ndimakhala."

Anthu anaseka, ena mobisa. Yobe analivala pamwamba pa lakelo n'kuyamba kuyenda ngati mlonda, akuchitila sawasha aliyense ngati msilikali. Mantha anathela pamenepo. Azakhali anatenga mapoto, wina malaya, wina wailesi kuti akayese kukonza. ASakala, amene anangobwela kudzaona, anachoka ndi jekete. Bulangete ndinalichapa n'kupatsa amai.

Pamwambo wogawa, wotsogolela amalankhula ndi womwalilayo kumuuza kuti zake zagawidwa, apume. Ine sindikhulupilila kuti Lameki ankamva. Koma amai ankandiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti popanda mawu amenewo sawelengela kuti chachitika. Ndinagwada pamphasa.

"Lameki, ndine Akimu. Katundu wako tagawa. Palibe wakuba, aliyense watenga poyela. Usiye amama apite kuchipatala."

Ndinkafuna kuthela pomwepo, koma pakamwa panapitiliza pokha. Ndinamuuza kuti anapusa posapita kuchipatala. Ndinamuuza kuti wandionongela sukulu ndi chifuwa. Ndinamutukwana pamaso pa anthu onse, ndipo palibe anandiletsa. Kenako maso anagwela pa nsapato zake. Zinali zotha kunsi, zomatidwa ndi mphila ya tayala, zosokedwa ndi waya. Munthuyu ankaima usiku wonse pageti la anthu ena atavala zimenezi, ndalama n'kumatumiza kwa ine kuti ndigone pafupi ndi sukulu. Anali ndi mantha ngati mmene ndinalili ine, ndipo amene anawafunsa nzelu anamuuza zomwe anandiuza ine. Kusiyana kwake n'kwakuti iye sanagwe pafupi ndi mai wa tomato. Apo ndiye ndinalila, koyamba chimwalilile iye. Nsapatozo ndinasunga ine.

Zotsala zonse, matilesi, makatoni, nsanza, ndinaunjika kuseli n'kuyatsa. Ndinatenga hamala n'kuzula lata pawindo. Ndinasesa, ndinakolopa ndi sopo, ndinasiya chitseko chotsegula. Chipindacho chinaoneka chachikulu kuposa mmene ndinkachikumbukila.

Tsiku loyamba limene kiliniki inatsegula chaka chatsopano, ndinapukuta njinga n'kuima nayo pakhomo. Amai anayamba zoti mutu, zoti kumunda. Ndinawakumbutsa kuti ananena okha. Anamanga duku, anakwela. Pamtunda tinkatsika tonse awili, wina akukhosomola, wina akupuma movutika. Kukiliniki anatenga makhololo a amai, ndipo zotsatila zitabwela zinaonetsa TB. Anesi anati yapezeka isanawononge kwambili, sipafunika kugonekedwa. Anandilemba ine kukhala wowayang'anila pakumwa mankhwala.

Amalume anafika mu Febuluwale, mvula ikugwabe, mitsinje ili yodzala momwemo. Anapeza njila chifukwa anamva kuti katundu wapita iwo osatengapo kanthu. Anakhala pabwalo n'kugamula kuti ndanyoza banja, ndilipe mbuzi. Ndinawauza kuti mbuzi sindilipa. Ndinawalowetsa m'chipinda, ndinawaonetsa pakona pamene ndinkagona, ndinawaonetsa khadi langa la kuchipatala ndi la mlongo wawo. Anati ndine mwana wopanda mwambo. Ndinati mwambo sunanene kuti katundu akhale chaka, ananena ndi iwo. Anagona usiku umodzi n'kubwelela. Sitilankhulana. Lameki ndinamukhululukila. Iwo ayi, ndipo sindinamizila kuti ndili pafupi kutelo.

Ine mankhwala ndinamaliza mwezi womwewo. Anapima makhololo komaliza n'kunena kuti ndachila. Thupi labwelela, ndimalima, ndimadya bwino. Koma phapo lakumanzele silidzakhalanso mmene linalili. Pamtunda ndimatsika njinga, mpila sindisewelanso, kukazizila pachifuwa pamathina. Adokotala anati ndikanabwela chifuwa chitangoyamba, chipsela chimenechi sichikanakhalapo. Kusukulu sindinabwelele. Ndinakafunsa, anati malo angapezeke, koma wolima ndi wosunga amai palibe. Ndikuganizabe.

Kwa amene mukuwelenga, ndilibe mawu okoma. Chifuwa chikapitilila milungu iwili, mukamatuluka thukuta usiku, mukamaonda osadziwa chifukwa, pitani mukapimitse. Kupima ndi mankhwala a TB sindinalipile kanthu. Ngati m'nyumba muli wodwala chifuwa, tsegulani mawindo, ndipo nonse mukapimidwe. Mukayamba mankhwala malizani. Ngati kwanu kuli mwambo wofunika kuchita, chitani, koma pitani kuchipatala choyamba, mwambowo udzakupezani muli moyo. Ndipo katundu wa womwalila gawani msanga. Musasungile amoyo chipinda chamdima.

Amai akupitiliza mankhwala, atsala ndi miyezi yochepa. Chifuwa chachepa, ayambanso kupita kumunda ndi kutchalitchi. Akacheza ndi anzawo amawauza kuti anayamba kupeza bwino tsiku limene katundu wa Lameki anagawidwa. Ndikamva zimenezo magazi amandiwila, koma sinditsutsana nawo. M'mawa uliwonse ndimawapatsa mapilitsi ndi kapu ya madzi, n'kuima pomwepo. Akameza ndimawauza atsegule pakamwa ndione.